Kapezedwe ka ikweshoni ya mzere wowongoka

Ine nkhani ya mizere pa galafu inkandizunguza mutu kwambiri mpaka tsiku lomwe ndinazindikira kuti mafomyula onse aja akungofuna zinthu ziwiri basi, gradient ndi poyinti imodzi yomwe mzerewo wadutsa. Mukakhala nazo ziwirizi ndiye kuti ikweshoni yapezeka kale, chatsala nkulemba.

Ikweshoni yake imaoneka chonchi: y = mx + c. Apa m ndiye gradient, kutanthauza kupendekeka kwa mzere, kuti mukasuntha sitepe imodzi kupita kumanja mzerewo ukukwera kapena kutsika zingati. Ndiye c ndi pomwe mzere wadula y-axis, mzere woima wa ma y pa galafu.

Tiyambe ndi funso lomwe limabwerabwera, akupatsani mapoyinti awiri, tinene (1, 3) ndi (4, 9). Choyamba pezani gradient, chotserani ma y kenako mugawe ndi kusiyana kwa ma x. Pamwamba 9 - 3 = 6, pansi 4 - 1 = 3, ndiye m = 2. Chonde apa musapupulume, mukayamba ndi poyinti yachiwiri pamwamba muyambenso ndi yomweyo pansi, chifukwa mukalemba 9 - 3 pamwamba kenako 1 - 4 pansi mupeza -2, mzere womwe ukukwera mwausandutsa wotsika ndipo zonse zotsatira zalakwika ngakhale masamu enawo muwachite bwino bwanji.

Tsopano tili ndi y = 2x + c. Tengani poyinti iliyonse mwa ziwiri zija, ine ndimasankha ya manambala ang'onoang'ono, mulowetse. Ndi (1, 3) zikhala 3 = 2 + c, ndiye c = 1. Ikweshoni ndi y = 2x + 1. Poyinti inatsala ija musaitaye, ndi yoyesera: x ikakhala 4 tikupeza 8 + 1 = 9, zagwirizana.

Mavuto enieni amabwera ndi mayinasi. Onani (-2, 7) ndi (3, -3). Pamwamba -3 - 7 = -10. Pansi ndi 3 - (-2), ndipo apa mpomwe ambiri amalemba 1 mmalo mwa 5, poti kuchotsera nambala ya mayinasi kumasanduka kuphatikiza. Lembani mabulaketiwo ndithu, musawerengere mumtima. Gradient ndi -2. Polowetsa (-2, 7), -2 kuchulukitsa ndi -2 ndi 4, ndiye 7 = 4 + c, c = 3, ikweshoni y = -2x + 3. Yesani ndi x = 3 muona ikubwera -3.

Pali fomyula ina, y - y1 = m(x - x1), pomwe (x1, y1) ndi poyinti yomwe mzere wadutsa, aphunzitsi ambiri amaikonda. Ndi yomweyomweyo, imangokudumphitsani sitepe yopeza c payokha, gwiritsani yomwe dzanja lanu lazolowera.

Nthawi zina sakupatsani mapoyinti awiri, amangoti mzere ukudutsa pa (3, 2) ndipo ndi wa paralelo ndi 2y = 6x + 4. Mizere ya paralelo, yomwe sikumana ngakhale italike bwanji, gradient yake ndi imodzi, koma osathamangira kunena kuti ndi 6 ayi, y ayambe watsala yekha kaye. Gawani zonse ndi 2, zikhala y = 3x + 2, gradient ndi 3. Lowetsani (3, 2): 2 = 9 + c, c = -7, ndiye y = 3x - 7.

Akati perpendicular, kutanthauza kuti mizereyo ikudulana pa madigiri 90, ma gradient awiriwo mukawachulukitsa ayenera kupereka -1. Njira yachidule, tembenuzani nambalayo kenako musinthe chizindikiro, 3 isanduka -1/3. Pa (3, 2) pomwepo, 2 = -1 + c, c = 3, ndiye y = -(1/3)x + 3.

Nanga mukapeza 0 pansi, monga pa (5, 1) ndi (5, 8)? Simunalakwitse, sitigawa ndi 0, mzere umenewo ndi woima chilili ndipo y = mx + c sigwira ntchito pamenepo. Poyinti iliyonse pa mzerewo x yake ndi 5, ndiye mungolemba x = 5. Ukakhala wogona, ngati (1, 4) ndi (6, 4), gradient ndi 0 ndipo ikweshoni ndi y = 4.