Tsegulani mabowo amene munamata m'munsi mwa khoma

Dzinja lino nyumba zakale zambiri kuno ku Mangochi, pa Boma, ku Mpondasi mpaka ku Malindi zikununkha chuku, ndipo ukazungulira kunja cholakwa chake n'chimodzimodzi. Mabowo a mpweya amene amisiri akale anasiya m'munsi mwa khoma, eni nyumba anawamata ndi matope kapena simenti. Akuti n'kuopa njoka, makoswe ndi zinkhanira. Mantha ake ndi omveka, koma mabowo aja sanali okongoletsa nyumba ayi.

Pansi pa matabwa amene mumapondapo pali mpata, ndipo dothi la m'menemo limatuluka thukuta usana ndi usiku. Kuno ku Mangochi madzi ali pafupi, wokumba chitsime m'mbali mwa Shire kapena nyanja ya Malombe sapita patali. Mvula ya Namondwe Freddy mu 2023 ndi kukwera kwa nyanja mu 2024 zinangowonjezera. Mabowo akakhala otsegula, mphepo imalowa mbali ina n'kutuluka mbali inayo itanyamula chinyezi. Mukamata, chinyezicho chipite kuti? Chimakhazikika pa mitanda imene yanyamula matabwa, makamaka kumapeto kumene mtanda walowa m'khoma. Pamenepo ndi poyambira kuola, ndipo chiswe sichichedwa, chimakonda thabwa lonyowa la mumdima. Pamwamba pamaoneka bwinobwino chifukwa cha polishi, koma mukabaya mtanda ndi msomali wa mainchesi sikisi umangolowa ngati mu chinangwa chophika.

Khoma nalo limamwa. Penti amatukusira, m'munsimu mumatuluka mchere woyera ngati ufa, kufika pafupifupi mita imodzi. Ndiye anthu amathamangira kukhula n'kupaka pulasitala wa simenti yambiri. Leka leka! Njerwa zakale zambiri anamangira dothi kapena laimu, zimafuna kupuma. Simenti yolimba imatsekera madzi mkati, amakwera pamwamba pa pamene mwalekezera, chaka chamawa mugulanso matumba ena.

Bambo wina wolima chimanga chakumtunda kwa Malindi anamata mabowo onse asanu ndi limodzi atapha mphiri pakhonde. Kenaka anathira dothi kuzungulira nyumba kuti madzi asalowe, mpaka linakwirira mzere wakuda wa DPC, pepala limene amayala pakati pa njerwa m'munsi mwa khoma loletsa madzi kukwera. Matumba a chimanga anasanja pansi penipeni, motsamira khoma. Pofika Febuluwale a m'munsi onse anali atachita chuku, mwendo wa bedi unabowola thabwa, mdzukulu wawo wa mphumu akutsokomola usiku wonse. Iwo n'kumati, "Nyumbayi yangokalamba." Siinakalambe, anaitseka mphuno. Ndipo chimanga cha chuku chija sichoti n'kupatsa nkhuku kapena kuphikira thobwa, chili ndi poizoni amene samatha ndi moto.

Chizolowezi chounjika dothi, zinyalala ndi maluwa m'mphepete mwa khomachi chithe. Dothi likafika pa DPC kapena kupitirira, madzi apeza mlatho, pepala lija lilibenso ntchito.

Zochita zake si zambiri. Gumulani zomatazo, mutokose ndi ndodo kuti muone ngati bowo likudutsadi, kenaka mukhomepo waya wa sefa wolimba. Njoka silowa, mphepo ilowa. Mabowo akhale mbali ziwiri zoyang'anizana, motalikirana pafupifupi mamita 2, ndipo ngati munawonjezera chipinda kapena khonde lomwe linatseka mbali imodzi, mmisiri adutsitse paipi pansi pake. Fukulani dothi la kunja kuti DPC ikhale masentimita 15 pamwamba pa nthaka, ndiyo mizere iwiri ya njerwa, nthaka itsetserekere kunja, madzi a malata apite mu ngalande. Mtanda woola udulidwe, watsopano ukhale wothira mankhwala, kumapeto kwake kukulungidwe pepala la DPC.

Amene pansi panu ndi pa simenti, matani pepala la pulasitiki ndi tepi mbali zonse, musiye masiku awiri. Mukapeza madontho kunsi kwake, madzi akuchokera m'nthaka, choncho musayalepo kapeti wa pulasitiki. Matumba akhale pa thandala, kutali ndi khoma. Pulasitala dikirani khoma liume ndi dzuwa la Okutobala, ndipo musakanizemo laimu.