Kuchepetsa oyilo wokwera ku ma rocker (tizitsulo tokankha mavavu) pa injini ya Chevrolet 350

Mwafunsa mmene mungaletsere oyilo kudzadzana kumutu kwa injini ikamathamanga kwambiri, sampu (mosungira oyilo pansi pa injini) n'kutsala yopanda kanthu. Njira yake ndi kumanga ma restrictor, mapulagi a kabowo kakang'ono ochepetsa oyilo wokwera. Yambani mwaona ma lifter, tizitsulo tokhala pa camshaft (shafiti yotsegula mavavu) tokankha ma pushrod, timitengo tachitsulo tofika ku ma rocker. Ngati ndi a hydraulic (odzazidwa ndi oyilo mkati), musaike ma restrictor, amafuna oyilo wokwanira. Izi n'za solid roller cam (ya ma lifter olimba a timawilo) yokhala ndi ma roller rocker (ma rocker a timawilo) basi.

1. Tsitsani giyabokosi ndi flywheel.
2. Kumbuyo kwa block (thunthu la injini), chapamwamba pa camshaft, pali mapulagi atatu. Masulani awiri a m'mbali. Yapakatiyo musaikhudze, imatseka njira yodyetsa ma bearing.
3. M'malo mwa mapulagi awiriwo, mangani ma restrictor a bowo la mainchesi 0.060, mutapaka oyilo pa O-ring (mphete ya labala) kuti isang'ambike polowa.
4. Musanalize injini, zunguzani pampu ya oyilo ndi drilo mpaka oyilo atulukire pa ma pushrod onse 16.

Bowolo musalichepetsenso. Masipuling'i a mavavu amazizira ndi oyilo yemweyo, ndipo akatenthedwa amafooka msanga.