Koyenda wapansi ku St Lucia ndi Mtunzini osakwera phiri

Anzathu ambiri okhala ku Durban wikendi ikafika ndi kubichi kapena ku mall basi, chonsecho kumpoto kwa KwaZulu-Natal konkuno kuli malo oti munthu utha kuyenda m'nkhalango, kudutsa m'dambo mpaka kukatulukira kunyanja yamchere osakwera phiri olo limodzi. Ndikunena St Lucia, katauni kozunguliridwa ndi iSimangaliso Wetland Park, komanso Mtunzini yomwe ili panjira yomweyo. Tinjira take ndi tophweka, mwana wa sitandade 2 ayenda, agogo ayenda. Chofunika kusamala nacho kumeneko ndi nthawi yomwe mwanyamukira, chifukwa tinjira tomweto zinyama nazo zimadutsamo ndipo zili ndi nthawi yake.

Tiyambe ndi kafikidwe. Kuchoka ku Durban mumagwira N2 kulowera kumpoto, konzekeranitu ndalama za ma toll gate. Mtunzini ili pamakilomita ngati 140, St Lucia pamakilomita ngati 240, mumakhotera pa Mtubatuba n'kutenga R618 mpaka kuwoloka mlatho, ndipo mlatho umenewo ndi khomo lokhalo lolowera m'tauniyo pagalimoto. Opanda galimoto musadandaule, matekisi opita ku Mtubatuba alipo, pamenepo mumakwera ina yokafika St Lucia. Kungoti mkati mwenimweni mwa paki, kopita ku Cape Vidal, wapansi salola, kumeneko ndiye pafunika galimoto kapena kulipira ma gaidi aja otenga anthu pa galimoto zotsegula kumbuyo.

Kwa oyamba kumene ine ndinganene kuti yambani ndi iGwalagwala. Kanjira kameneka kali kumapeto kwa McKenzie Street, msewu waukulu wa m'tauni ya St Lucia, ndipo sikolipira. Ndi kozungulira, makilomita awiri sakwana, pansi ndi mchenga wosakanikirana ndi masamba owola, pamwamba mitengo yatsekeratu moti olo dzuwa liswe mtengo inu muli pamthunzi. Wothamanga atha kumaliza mu mphindi 30 koma ndiye wapitiranji, muyende pang'onopang'ono, foni ikhale pa silent, ana muwauziretu kuti phokoso ayi. Mukatero muona agwape ofiira tating'onoting'ono tikufukula masamba, mbawala, apusi, ndiye mbalame zobiriwira zija zikauluka mapiko ake kufiira kuti psuu, zimakonda kuthamanga panthambi m'mwamba ndiye muziyang'ana kumwamba osati kumapazi kokha. M'mawa cha m'ma 6 mpaka 9 koloko ndiye nthawi yake, masana nkhalango imangoti zii.

Mukatuluka mmenemo pitirirani kutsetsereka cha ku Ski Boat Club, pamenepo pali kanjira kamatabwa kotsata m'mbali mwa madzi, kudutsa m'bango ndi m'mitengo ya mangrove ija yomera m'matope, mpaka kukafika pamchenga wa kunyanja. Apa ndi pomwe mtsinje, dambo ndi nyanja zimakumana ndipo ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse bwinobwino. Madzi akumanja kwanuwo akuoneka odekha, ng'ona zili momwemo, mvuu zili momwemo, ngakhale shaki zija kuno amati Zambezi zimalowa m'madzi amenewa. Osatsika pamatabwa kukajambulitsa m'mphepete mwa madzi, osasamba m'manja, osatsuka mapazi, mwana mumugwire dzanja. Ife ochokera ku Mangochi, Liwonde kaya Chikwawa timakonda kunena kuti aaa ng'ona timazidziwa ife, zoona mumazidziwa, koma kumudzi mumadziwanso doko lomwe anthu amatunga madzi ndi pomwe safika, kuno simukudziwa. Zikwangwani zochenjeza zija sanaikire azungu okha.

Za mvuu ndiye ndi nkhani ina. M'nyanja ya St Lucia muli mvuu pafupifupi 800, masana zimakhala m'madzi, kukada zimatuluka kukadya msipu ndipo zina zimalowa m'tauni momwemo kukadya kapinga wa pamakomo pa anthu, zimadutsa pamsewu watala ngati ng'ombe zochokera kudambo. Ndiye lamulo lake ndi losavuta, tinjira ta m'mbali mwa madzi muyende kutacha bwinobwino, ndipo dzuwa likamapendeka muzikhala mukubwerera. Usiku ngati mukupita kokadya yendani pagalimoto, zikavuta tengani tochi yowala kwambiri osati ya pafoni. Mukaiona mvuu pamtunda musaime pakati pa iyo ndi madzi chifukwa ikadzidzimuka imathamangira kumadzi ndipo chilichonse chili panjira imapita nacho, komanso musanamizidwe ndi kunenepako, imafika makilomita 30 pa ola, inu simungaithawe. Mubwerere mmbuyo mwakachetechete, muike mtengo waukulu kapena galimoto pakati panu ndi iyo. Mukaona ndowe zomwazika patchire ndi kanjira kotakata kotuluka m'madzi dziwani kuti mwaima pamsewu wake.

Amene muli ndi galimoto, lowani pa Bhangazi Gate kupita ku Cape Vidal, ndi makilomita opitirira pang'ono 30, pageti mumalipira munthu aliyense komanso galimoto payokha, funsani nthawi yotseka geti chifukwa imasintha malinga ndi nyengo, ndipo tchuthi cha December mulawirire kwambiri poti magalimoto olowa patsiku amakhala ndi malire. M'njiramo muli njati, zipembere, njovu, anyalugwe, ndiye mumatsika pokhapokha pomwe alemba kuti mutha kutsika. Malo amenewa kale kunali minda ya paini, anaidula, madambo n'kubwerera. Kunalinso kampani yomwe inkafuna kukumba migodi m'zitunda zamchenga zomwezi, boma linakana mu 1996, kenako mu December 1999 bungwe la United Nations la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Akanalola migodi ija bwenzi lero tikukamba zina.

Pa Mission Rocks, panjira yomweyi yopita ku Cape Vidal, mumatsika kanjira kakafupi kukafika pamiyala ya m'mbali mwa nyanja. Apa chinsinsi ndi madzi. Nyanja yamchere siili ngati ya kwathu ija, imadzaza n'kuphwera kawiri patsiku, pakati pake maola ngati 6, ndiye musananyamuke onani pa intaneti nthawi yomwe madzi aphwere tsiku limenelo ndipo mufike ola limodzi kapena awiri nthawiyo isanakwane. Madzi akaphwera m'maenje a m'miyala mumatsala tinsomba, nkhanu ndi tizilombo tamitundumitundu, ana amasangalala zedi. Akayamba kudzaza bwererani, mchenga womwe munadutsa popita utha kumizidwa pobwera, kumbuyo kwanu kuli chitunda choti simungakwere. Ku Cape Vidal nakonso kusambira kumakoma madzi ataphwera poti miyala imatchinga mafunde. Chakudya muchisunge m'galimoto, anchima ndi apusi a kumeneko ndi akatswiri otsomphola, ndipo kuwapatsa chakudya ndi koletsedwa. Pakati pa June ndi November yang'anani kutali m'nyanja, anamgumi amadutsa. Kuyambira November akamba akuluakulu a m'nyanja amatuluka usiku kudzaikira mazira pamchenga, koma kukawaona mumapita ndi gaidi wovomerezeka, osati panokha.

Mtunzini anthu amangoidutsa pa N2 koma kwa munthu wa ofu ya tsiku limodzi ndiyo yabwino, mutha kupita m'mawa n'kukagona kwanu ku Durban. Kuli uMlalazi Nature Reserve yoyang'aniridwa ndi bungwe losamalira zachilengedwe la Ezemvelo KZN Wildlife, pageti mumalipira. Kanjira ka m'mitengo ya mangrove ndi kakafupi, pitani madzi ataphwera kenako muime phee kwa mphindi zingapo, muona matope onse ayamba kuyenda, tinkhanu tili ndi dzanja limodzi lalikulu tikuligwedeza m'mwamba, ndi tinsomba todumphadumpha pamatope kunja kwa madzi. Kanjira ka Siyaya n'kotalikirapo, kamadutsa m'nkhalango ya pazitunda zamchenga kukatulukira kubichi, mchenga umatopetsa ndiye musakapeputse. Pafupi pomwepo pali nkhalango ya chiwale, inde chiwale chomwe chija, chachitali masamba ake kutalika mamita ambirimbiri, munaikidwa matabwa oyendapo poti pansi ndi lowe. Mitengo imeneyi ndi yomwe imakopa mbalame ina yoyera ndi kuda yamtundu wa muimba yomwe imadya zipatso za chiwale, ku South Africa kuno imapezeka malo ochepa kwambiri moti anthu amachoka kutali kudzangoiona. Ng'ona mu mtsinje wa uMlalazi zilimonso, lamulo lija silinasinthe.

Zovala musavutike kugula nsapato zodula za okwera mapiri, ma teki anu akale akwana, bola zophimba phazi, mapatapata sungirani kubichi. Valani sokosi ndi thalauza lalitali ngati mudutse m'maudzu chifukwa nkhupakupa za kumeneko ndi zing'onozing'ono zosaoneka msanga, mukafika kogona dzifufuzeni m'miyendo ndi m'chiuno, ndipo pakatha sabata mukamva mutu, kutentha thupi ndi kabala kakuda pomwe inaluma, kuchipatala mukanene kuti munali kutchire, musangoti ndi malungo n'kugula mankhwala pa kauntala. Mafuta othamangitsa udzudzu tengani, chipewa, madzi lita imodzi munthu aliyense olo kanjira kakhale kakafupi. Miyezi yabwino ndi May mpaka August, kumakhala kouma komanso kozizirira bwino. December mpaka February kumatentha chinyontho chili tho, thukuta osauma, ngati mwapita nthawi imeneyo pofika 10 koloko mukhale mwamaliza.

Muuzeni munthu wa pomwe mwagona kanjira komwe mwalowera ndi nthawi yomwe mubwere, netiweki mbali zina za paki imasowa. Oyenda pa matekisi, funsani dalaivala m'mawa momwemo kuti yomaliza yobwerera ku Mtubatuba imanyamuka nthawi yanji, chifukwa madzulo zimachepa ndipo malo ogona ku St Lucia nthawi ya tchuthi ndi odula.