Kuyeza mimba pakhomo: musathamange, komanso musachedwe kuwerenga

Achemwali, ngati piriyodi yachedwa ndipo mtima uli m'mwamba, zija za pa Facebook zothira mkodzo mu shuga kapena mchere zisiyeni, ndi bodza lokhalokha. Gulani kachida koyezera mimba ku famase, kotchipa komweko kamagwira bwinobwino bola deti ya expiry isanadutse ndipo paketi yake isakhale yong'ambika.

Kachidaka kamasaka chinthu chimodzi mumkodzo, homoni yotchedwa hCG. Thupi limayamba kuipanga dzira lokumana ndi umuna likakhazikika m'chiberekero, ndipo kukhazikikako kumatenga masiku 6 mpaka 12, poyamba imakhala yochepa zedi kenako imawirikiza pafupifupi masiku 2 kapena 3 aliwonse. Ndiye zoti mwagonana Loweruka mukuyeza Lolemba, mwangotaya ndalama. Dikirani tsiku lomwe mumayenera kusamba lidutse. Ngati masiku anu amasinthasintha werengani masiku 21 kuchokera pomwe munagonana osadziteteza.

Mkodzo wabwino ndi woyamba m'mamawa, usanasungunuke ndi tiyi ndi madzi. Kodzerani m'kakapu koyera kouma, viikani mbali ya kachida yomwe ili ndi timivi koma mkodzo usapitirire kamzere kolembedwa MAX, masekondi ochepa basi monga kapepala kam'paketi kanenera, mukatero kagonekeni pamalo ouma. Dikirani mphindi 3 mpaka 5.

Apa ndi pomwe ambiri timasokonezeka. Mizere imatuluka malo awiri pa kachidaka, pa C ndi pa T. Mzere wa pa C umangonena kuti kachida kagwira ntchito, ukapanda kutuluka kachidako nkowonongeka, tayani mugule kena. Wa pa T ndiye wa mimba. Mizere iwiri, mimba ilipo, olo wachiwiriwo ukhale wofooka ngati wajambulidwa ndi pensulo, bola watuluka nthawi yake isanathe. Koma zoti mwakataya m'bini kenako madzulo mwakatolanso nkuona kamzere kotuwa, iyayi, umenewo ndi mkodzo wouma chabe, pakadutsa mphindi 10 musakakhulupirirenso.

Mzere umodzi koma kusamba sikukubwera? Yezaninso pakatha masiku atatu kapena sabata, mwina munafulumira. Jakisoni wa Depo ndi mapiritsi olera sizisokoneza zotsatira, ngakhale Depo amatha kuimitsa piriyodi yokhayo nkumakuopsani ulele. Amene wangopita padera kapena wangobereka kumene akhoza kuona mizere iwiri kwa masabata angapo chifukwa hCG imachoka pang'onopang'ono.

Ikatuluka iwiri kayambeni sikelo miyezi itatu isanakwane, osadikira mimba ioneke kaye ngati momwe ankachitira agogo athu. Ndipo ngati mizere ili iwiri koma m'mimba mukupweteka kwambiri mbali imodzi, mukutaya magazi kapena mukuchita chizungulire, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mwina mimba yakhala kunja kwa chiberekero, ndipo kachida sikangakuuzeni zimenezo.