Pojambula munthu wogwidwa mtima, yambirani manja

Inu amene mukuphunzira kujambula zithunzi za m'tchalitchi, musathamangire misozi ndi maso oyang'ana kumwamba pofuna kuonetsa chisoni kapena mantha a munthu pamaso pa Mulungu. Yambirani manja ndi kupendekeka kwa mutu.

Fufuzani pa intaneti chojambula cha Raphael, katswiri wojambula wa ku Italy, chomwe chili ku Ashmolean Museum ku Oxford, ku England. Anachijambula ndi choko chakuda pokonzekera chithunzi chake chomaliza, cha kusandulika kwa Yesu paphiri, asanamwalire mu 1520. Papepalapo pali mitu ya atumwi awiri, mnyamata ndi nkhalamba, ndi manja awo basi. Zovala sanavutike nazo. Koma mukayang'anitsitsa zala ndi mmene makosi awerama, mumaona kuti anthuwa asowa pogwira, poti m'chithunzi chomalizacho atumwi akanika kuchiritsa mwana wogwidwa ndi mzimu woipa. Choncho pemphani mnzanu aime momwemo, mujambule manja okha kangapo, kenako mutu, thupi lonse pambuyo.

China, labala muikeni patali. Michelangelo, katswiri winanso wa ku Italy, atakalamba, m'zaka za m'ma 1550, ankajambula Yesu pamtanda, Mariya ndi Yohane ali m'mbali, n'kumabwereza mizere pamwamba pa inzake mpaka matupiwo kuoneka ngati akunjenjemera. Kwa ine, ululu wa zojambulazo uli m'mizere yosafufutayo. Gwiritsani pensulo yofewa kapena khala, mzere woyamba ukhale wopepuka, ndipo wolakwikawo muusiye pomwepo kuti ukuuzeni poyenera kudutsa wotsatira.