Mmene ndinathetsera mantha a matenda omwe timaphunzira ku unamwino

M'chaka chachiwiri cha maphunziro a unamwino kuno ku Harare, nthenda iliyonse yomwe tinkaphunzira ndinkaimva m'thupi mwanga. Titafika pa chifuwa chachikulu cha TB, thukuta la usiku linandisowetsa tulo, chonsecho munali mu Okutobala, kunja kukutentha kodetsa nkhawa. Titalowa za khansa, ndinkangokhalira kudzipapasa m'khosi kufunafuna mwanabere, mpaka malowo anayamba kupweteka chifukwa cha kufinyako.

Azakhali anga a ku Mufakose, omwe anagwira unamwino zaka zambiri, ndi amene anandiwongola. "Mwanangu, ukayezetse kamodzi basi, zikatuluka bwino manjawo uwachotse pakhosipo." Ndinapita kuchipatala, ndinapereka makhololo, anawayeza pa makina oyezera TB otchedwa GeneXpert ndipo TB sanaipeze.

Ntchito yaikulu inali kusiya kudziyeza. Mtima wa munthu wamkulu akapuma umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, koma mantha amachititsa thupi kutulutsa timadzi totchedwa adrenaline tomwe timauthamangitsa. Ndiye ukamawerenga kugundako uli ndi mantha, chiwerengero chimakwera, manthawo n'kuwonjezekanso. Ndinaleka kudzigwira padzanja, ndipo foni ndinkaizimitsa ndikamagona kuti ndisamafufuze zizindikiro pa Google.

Madzulo ndinkapatula mphindi 15 zolemba nkhawa m'kope: chizindikiro, nthenda yomwe ndikuiopa, ndi zifukwa zina wamba, monga kutopa ndi mashifiti a usiku kapena tiyi wambiri. Maganizo akabwera masana ndinkawasungira nthawi imeneyo.

Mnzanga wina zake zinakula zedi. Ndinamuperekeza kukacheza ndi agogo a Friendship Bench, ntchito yothandiza anthu ovutika maganizo pocheza nawo pa benchi, yomwe Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare, ndipo pano akugona bwino.