Kudya bwino ku Johannesburg mosaboola m'thumba: tsatani nyengo, gulani pamodzi, futsani

Ndalama ya chakudya mu Johannesburg sithera pa zinthu zikuluzikulu ayi. Imathera pa matimati atatu lero, kaanyezi kamodzi mawa, kapaketi ka ufa ka 1kg pa spaza (kagolosale kakang'ono ka m'dera) madzulo aliwonse, komanso pokakamira ndiwo imene nyengo yake yadutsa. Kumudzi palibe amene amasakasaka mango mu Juni. Timadya zimene munda wapereka, zotsala timafutsa. Nzeru yomweyo imagwira ntchito kuno, kungoti munda wake ndi msika, ndipo kalendala yake muyenera kuiphunzira mwatsopano.

Dziwani nyengo ya kuno

Johannesburg ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Mvula imagwa kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi kapena Epulo, nthawi zambiri masana kapena madzulo, mwina ndi matalala omwe. Juni ndi Julayi kumagwa chisanu chenicheni chowaula masamba. Zipatso zambiri zimene mumaona pamsika sizilimidwa mumzinda muno, zimachokera ku Limpopo, Mpumalanga ndi Western Cape, choncho mtengo umatsata nthawi yokolola ya kumeneko.

Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi nthawi ya mango, mavwende, mphesa, mapichesi ndi chimanga chachiwisi. Ndi nthawinso ya masamba athu. Pofunsa, gwiritsani mayina a eni dziko: bonongwe ena amati thepe, ena imbuya, ndipo masamba a mtundu umenewu onse pamodzi amati morogo kapena imifino. Nkhwani ndi therere zimapezeka kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa misewu ndi pa malo okwerera takisi. Malichi mpaka Meyi maapulo amakhala atangothyoledwa kumene, maungu a butternut ndi mbatata zimachuluka, mapeyala amayamba kufika. Kukazizira, Meyi mpaka Ogasiti, msika umasanduka wa malalanje ndi manachesi, m'matumba athunthu, pamodzi ndi kabichi, kaloti, magwafa ndi masamba aja kuno amati spinach. Banja la ana lisamagule juwisi wa m'botolo mu Juni pamene thumba la malalanje lili pakhomo pa shopu iliyonse.

Matimati ndi nkhani ina. Amapezeka chaka chonse, koma mtengo wake sukhazikika. Mvula ikachuluka kapena kukazizira kwambiri kumene amalimidwa, patapita masabata ochepa mtengo umakwera. Akatsika mtengo, imeneyo ndiyo nthawi yogula bokosi lonse. Za kasungidwe kake tinena kutsogoloku.

Ku City Deep pitani muli gulu

Joburg Market, ku City Deep, ndi msika waukulu koposa wa zipatso ndi ndiwo zamasamba mu South Africa, ndipo mwini wake ndi khonsolo ya mzinda. Ambiri mwa ogulitsa m'misewu amene mumawagula tsiku ndi tsiku amapikula kumeneko. Malonda amayamba mbandakucha, ndipo dzuwa likamafika pamutu anthu amakhala ataweruka. M'mashedi akuluakulu simulipira ndalama pamanja: mumatenga khadi la wogula, n'kuikamo ndalama, n'kumagulira khadilo. Katundu amagulitsidwa pa thumba, pa bokosi kapena pa kireti, ndipo mtengo umasintha tsiku ndi tsiku malinga ndi zimene zafika. Pamalo pomwepo pali mbali ina yotchedwa Mandela Market, kumene amalonda ang'onoang'ono amagulitsa mochepa kwa munthu wamba. Woyamba kumene ayambire kumeneko.

Munthu mmodzi wokhala m'kachipinda kamodzi sapindula ndi City Deep. Thumba la anyezi la 10kg limamuolera, ndipo transipoti imadya phindu lonse. Gwirizanani mabanja anayi kapena asanu a pabwalo limodzi kapena a mpingo umodzi, monga timachitira chipereganyu, chimene kuno amati stokvel. Lembani zogula usiku wake, sonkhani ndalama, mutume anthu awiri. Mndandanda woyambira wa mabanja asanu ungakhale matumba awiri a mbatatesi, limodzi la anyezi, bokosi la matimati, thumba la kabichi ndi chipatso chimodzi cha nyengoyo. Mukafika musagule pa malo oyamba. Zungulirani malo atatu kapena anayi, funsani mtengo, ndipo pemphani kuona pansi pa bokosi, chifukwa zophwanyika zimakhala pansi.

Masamu ake ndi awa. Tiyerekeze kuti thumba la 10kg mwagula R80, ndiye kuti kilogalamu imodzi ndi R8. Onjezani gawo la transipoti, tinene R20 pa thumbalo, yafika R10. Ngati makilogalamu awiri aola musanadye, yeniyeni ndi R12.50. Mtengo umenewo ndiwo muyerekeze ndi wa pa spaza. Magulu ambiri amapasuka chifukwa chogawana ndi maso. Gulani kasikelo ka m'khitchini, muziyeza aliyense akuona, ndipo woyenda ulendowo azibweretsa malisiti.

Kusunga: apa ndi pamene ambiri amaluza

Mbatatesi musazisiye m'pulasitiki. Zikhale m'thumba lapepala kapena m'katoni, pamdima, podutsa mphepo. Zikaona kuwala zimasanduka zobiriwira, ndipo mbali yobiriwirayo ili ndi poizoni, iduleni mozama. Ikakhala yobiriwira paliponse, tayani. Musaziike pamodzi ndi anyezi, zimaoletsana. Anyezi apachikeni m'thumba lake la maukonde. Tsiku limene mwagula, khuthulani zonse pansi, musankhe zovulala, zimenezo mudye poyamba. Mbatata ya kholowa isalowe m'firiji. Butternut wosavulala amakhala miyezi iwiri kapena kuposa pamalo ouma. Mapeyala osapsa muwaike atatuatatu m'pepala limodzi ndi nthochi yakupsa, otsalawo akhale padera, kuti asapse onse tsiku limodzi.

Bokosi la matimati ligaweni patatu. Olimba akhale panja, mbali ya phesi itayang'ana pansi. Ofiira bwino ndi a masiku atatu akubwerawa. Ofewa aduleni, muwaphike popanda madzi mpaka atsike ndi theka, azizire, muthire m'timapulasitiki kapu imodziimodzi n'kuumitsa m'firiji. Kapulasitiki kamodzi ndi ndiwo ya tsiku limodzi. Osaumitsa zonse m'chidebe chimodzi, chifukwa kusungunula ndi kuumitsanso mobwereza kumawononga chakudya. Magetsi akazima, musamatsegule chitseko: firiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi, ndipo mbali youmitsa ikakhala yodzaza imapirira mpaka masiku awiri, ikakhala theka tsiku limodzi.

Mfutso ndiwo tikuulimbikitsa koposa, chifukwa sufuna magetsi, ndipo mu Julayi nkhwani waiwisi simudzamuona. Nthawi yabwino ndi Malichi mpaka Meyi, masamba akadalipo koma mvula ikutha ndipo mpweya wayamba kuuma. Sankhani masamba anthete a nkhwani, bonongwe, khwanya kapena chitambe. Sadzulani nkhwaniyo, tsukani kawiri, dulani. Wiritsani madzi ambiri ndi kamchere pang'ono, ponyani masamba ochepaochepa kwa mphindi ziwiri kapena zitatu basi, muvuule, akhe madzi. Mukaponya ambiri nthawi imodzi madzi amaleka kuwira, masamba amangofota osapsa bwino. Yanikani mopyapyala pa lichero, pa thireyi kapena pa neti yoyera, pamalo okwera, mutaphimba ndi kansalu kopyapyala chifukwa cha ntchentche ndi fumbi. Mthunzi wodutsa mphepo umasunga mtundu ndi mavitamini kuposa dzuwa lamphamvu. Tembenuzani kawiri patsiku, usiku lowetsani m'nyumba. Pakatha masiku awiri mpaka anayi, finyani m'manja: akafumbutuka auma, akapindika sanaume. Kuika m'botolo asanaume bwino ndiko kumabweretsa chuku. Okhala pafupi ndi milu ya dothi la migodi ayanikire m'nyumba pawindo, makamaka mphepo ya Ogasiti ikayamba, chifukwa fumbi limenelo si lofunika pa chakudya.

Nyemba ndi magetsi

Amayi ambiri akangofika kuno amadandaula kuti nyemba za ku Joni n'zosapsa. Nthawi zina nyembazo zimakhaladi zakale, koma chifukwa china ndi kukwera kwa malo. Kuno madzi amawira pa madigiri 94 osati 100, choncho chilichonse chowiritsa chimatenga nthawi yaitali kuposa ku Nsanje kapena ku Salima. Viikani nyemba usiku wonse, maola 8 mpaka 12, mutaye madziwo. Wiritsani mwamphamvu kwa mphindi 20 mutavundikira. Kenaka phulani, kulungani poto ndi bulangete lokhuthala pansi, m'mbali ndi pamwamba, muike m'katoni kwa maola anayi kapena asanu osatsegula. Thumba lotchedwa Wonderbag limagwira ntchito yomweyi. Madzulo mungowiritsanso pang'ono n'kuthira matimati. Matimati azilowa nyemba zitafewa, chifukwa akalowa msanga amalimbitsa khungu. Mphindi 20 zowira mwamphamvuzo musazidule, nyemba zofiira zosawira bwino zimatsegula m'mimba. Poto wosadzaza theka amataya kutentha msanga, choncho phikani zambiri nthawi imodzi.

Za m'golosale ndi za kwathu

Boma la South Africa silidula msonkho wa VAT, umene ndi 15 peresenti, pa zakudya zina: ufa wa chimanga, samp (chimanga chokonola), mpunga, nyemba zouma, buledi wa bulawuni, mazira, mkaka, amasi, mafuta ophikira, nsomba za pilchards za m'chitini, zipatso ndi ndiwo zamasamba. Zimenezi zikhale msana wa bajeti. Ufa gulani wa 10kg kapena 12.5kg, muuthire m'chidebe chotseka bwino, chisagunde pansi. Kuyambira 2003 lamulo limakakamiza kuti ufa wa m'mashopu uziwonjezeredwa mavitamini ndi michere monga ayironi ndi zinki, choncho paketi yosindikizidwa bwino ndi yabwino kwa ana kuposa ufa wopimidwa m'timapepala topanda dzina. Amasi ndi chambiko chathu chomwe chija, amayenda bwino ndi nsima. Pa nyama, zotsika mtengo ndi zipalapasiro, nthutumba, chiwindi cha nkhuku, zam'kati za ng'ombe ndi nsomba ya maasbanker, imene ambiri timaidziwa kuti karapau.

Zakwathu zilipo, koma ndi zodula chifukwa zayenda ulendo. Msika wa ku Yeoville uli ndi nsomba zouma, chigwada, therere ndi mtedza. Usipa muununkhize ndi kuuthyola: wabwino umathyoka, wachinyezi umapindika, ndipo ufa pansi pa thumba ndi chizindikiro cha tizilombo. Mtedza wakuda, wofota kapena wowawa musausinje nsinjiro, chuku chake chimawononga chiwindi. Nandolo musadikire wa pabasi: m'mashopu a amwenye ku Fordsburg ndi Mayfair funsani toor dal, ndi nandolo yemweyo wosenda. Mpiru ndi chainizi zimapezeka pa Derrick Avenue ku Cyrildene.

Kudya kunja

Wogwira ntchito m'tauni sangapewe kudya kunja masiku ena. Mbale ya pap (nsima ya kuno) ndi nyama kapena mogodu (zam'kati za ng'ombe) pa malo okwerera takisi a Bree ndi Noord imakhutitsa kuposa kota (chigawo cha buledi choikamo tchipisi ndi soseji), ndipo ili ndi masamba pang'ono. Kota ndi magwinya (mandasi a kuno) n'zokoma, koma zisakhale nkhomaliro ya tsiku lililonse, makamaka kwa odwala shuga kapena BP. Idyani pamene pali mzere wa anthu, pamene chakudya chikutuluka nthunzi, ndipo wogawa chakudya sakugwiranso ndalama ndi dzanja lomwelo. Chakudya chophika chisakhale poyera kuposa maola awiri. Malo ogulitsa zakudya amayenera kukhala ndi chiphaso cha khonsolo chotchedwa Certificate of Acceptability, ndipo inu amene mumaphika zogulitsa kachitengeni msanga. Amayi oyembekezera apewe polony (soseji yaikulu yodya yozizira) ndi masoseji osawiritsa: matenda a listeriosis a mu 2017 ndi 2018 anachokera ku polony ndipo anapha anthu oposa 200.

Misika ya chisangalalo monga Rosebank Sunday Market, wa pa Victoria Yards Lamulungu loyamba la mwezi, kapena Soweto Kota Festival ndi malo okacheza ndi kuphunzira zimene ena akuphika, koma si kotchipa. Funsiranitu ngati pali cholipira pakhomo, idyani kaye kunyumba, nyamulani madzi, ndipo mugule mbale ziwiri zosiyana n'kugawana. Pa zikondwerero, monga 6 Julayi yathu kapena Heritage Day, tsiku la chikhalidwe la South Africa pa 24 Sepitembala, banja lililonse libweretse poto umodzi wogwirizana kale. Mpunga uphikidwe m'mawa wa tsikulo, osati dzulo lake, chifukwa mpunga wogona m'poto waukulu kunja kwa firiji umadwalitsa anthu pa maphwando.

Mankhwala a makoswe

Chakudya chambiri m'nyumba chimaitana makoswe ndi mphemvu, ndipo apa pali ngozi imene yatha ana. Mu Okutobala 2024 ana 6 a ku Naledi, Soweto, anamwalira ndi poizoni wa terbufos, mankhwala a kumunda amene amagulitsidwa mozemba m'misewu ngati ophera makoswe. Timibulu takuda kapena totuwa ta m'timapepala topanda dzina tisalowe m'nyumba mwanu, ngakhale mnansi atakuuzani kuti timagwira ntchito. Gwiritsani misampha, tsekani mabowo ndi waya wa ukonde ndi simenti, ufa ndi nyemba zikhale m'zidebe zotseka, zinyalala zituluke usiku uliwonse. Mwana akayamba kusanza, kutuluka dovu ndi thukuta, kapena kubanika atangodya kanthu, musamusanzitse ndipo musamumwetse mkaka. Thamangirani naye kuchipatala kapena imbani 112 pa foni yam'manja, mutanyamula paketi ya chimene wadyacho.